Namwino watsopano akaima: kalata kwa oyendetsa zipatala ndi sukulu za unamwino

Olemekezeka akuluakulu oyendetsa zipatala, a Matroni, masisitala oyang'anira mawodi, aphunzitsi a m'sukulu za unamwino, ndi inu nonse amene mumalemba malamulo a ntchito yathu,

Pali funso limene anamwino achichepere amandifunsa akaona kuti tatsala awiriwiri. Nthawi zambiri kumakhala usiku, odwala atagona, ife tikukonza mankhwala a m'bandakucha. Amayamba ndi nkhani zina, kenako mawu amatsika: "Asisitala, kodi munthu akangoyamba ntchito, ayenera kudikira nthawi yaitali bwanji asanatenge pakati?" Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuyankha monga mkulu wawo. Ena ndinawauza kuti adikire chaka, ena ndinawauza kuti amvere mtima wawo. Tsopano ndaona kuti mbali yaikulu ya yankho ili m'manja mwanu, chifukwa chimene chimachititsa funsoli kulemera chonchi ndi mmene inu mwakonzera ntchito. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi poyera.

Ndiyambe ndi mtsikana wina amene ndinagwira naye ntchito. Anali atatha miyezi inayi yokha, akadali pa nthawi yoyesedwa. Anali wachangu, wa manja ofewa kwa odwala, wosadandaula. Ndinayamba kuona kuti tikamatsuka mabala amatuluka mwadzidzidzi, n'kubwerako maso ali ofiira, nkhope atasukusula. Tsiku lina ndinamutsatira. Ndinamupeza atagwira m'mphepete mwa sinki ndi manja onse awiri, mutu ataweramitsa, thukuta lili kamukamu. Lamba wa yunifolomu anali atamumasula n'kumugwiriza ndi pini. Sindinafunse kanthu. Iye ndi amene anatembenuka n'kunena kuti, "Chonde asisitala, musauze munthu. Ndikufuna anditsimikize kaye pa ntchito."

Anali ndi pakati pa masabata khumi. M'masabata amenewo anali atagwirizira odwala kangapo pojambulidwa X-ray pabedi, osavala chotchinga chifukwa chinalipo chimodzi ndipo anachita manyazi kuchipempha. Anali atathandizapo kupereka mankhwala a khansa. Anali atagwira mashifiti a usiku otsatizana, ndipo anali asanayambe sikelo. Nditamufunsa chifukwa chake, anandiyankha kuti sikelo ndi ya m'chipatala chomwecho, olemba m'kaundula ndi anzathu omwewo, ndiye pofika masana nkhani ikanakhala itafika ku ofesi. Mtsikana ameneyu m'mawa uliwonse ankaimirira pamaso pa amayi n'kumawaphunzitsa ubwino woyamba sikelo msanga.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine zimene zimachitika m'masabata oyambirirawo. Mtsempha umene umadzasanduka ubongo ndi msana wa mwana umatsekeka pafupifupi masiku 28 chitengereni pakati, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Ndiye chifukwa chake timauza amayi kuti ayambe kumwa folic acid, mamaikulogalamu 400 patsiku, asanatenge pakati. Mtima, maso, manja ndi ziwalo zina zimaumbika m'miyezi iwiri yoyambirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2016 linalangiza kuti mayi woyembekezera azionedwa kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba uzichitika masabata 12 asanathe. Choncho nthawi imene mwana ali wosalimba kwambiri ndi nthawi yomweyo imene mimba sioneka, ndipo palibe angamuteteze namwinoyo pokhapokha iye mwini atatsegula pakamwa. Akamaopa kutsegula pakamwa, chitetezo chonse chimene munalemba m'mabuku anu chimangokhala pa shelefu.

Ndikunena izi chifukwa zoopsa za ntchito yathu n'zodziwika. Kafukufuku wina wa ku America wofalitsidwa mu 2012, amene anaunika mimba za anamwino zikwi zingapo, anapeza kuti amene ankagwira mankhwala a khansa m'miyezi itatu yoyambirira ankapita padera pafupifupi kawiri kuposa anzawo. Ku Denmark, kafukufuku wa mu 2019 wa amayi oyembekezera oposa 22,000, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'zipatala, anasonyeza kuti amene anagwira mashifiti a usiku awiri kapena kuposerapo pa sabata anali pa chiopsezo chokulirapo chopita padera sabata yotsatira, pakati patapitirira masabata asanu ndi atatu. Bungwe la ICRP, limene limalangiza maiko za chitetezo ku mphamvu ya X-ray, limati mwana wosabadwa asalandire mphamvu yoposa millisievert 1 (muyezo wa mphamvu imeneyi) kuchokera ku ntchito ya mayi ake m'miyezi yotsala ya pakati. Koma taonani pamene kuwerengako kumayambira: pamene mayiyo wauza omulemba ntchito kuti waima. Pali mpweya wogonetsa odwala ku thiyeta, pali katsabola ndi rubella ku wodi ya ana, pali kunyamula odwala olemera ndi kuima maola ambiri osakhala pansi. Zambiri mwa izi sizifuna kuti namwino asiye ntchito. Zimafuna kuti asinthidwe malo kwa kanthawi, apatsidwe chotchinga, achepetseredwe mausiku. Zonsezi zimayamba ndi iye kunena, ndipo kunena kwake kumadalira nkhope imene akuyembekezera kuiona akalowa mu ofesi yanu.

Tsono tikambe za malangizo aja amene tonse tinapatsidwapo, akuti "dikira kaye ukhazikike." Sindikufuna kuwanyoza, chifukwa muli choonadi m'kati mwake. Chaka choyamba cha unamwino n'cholemetsa. Zimene unaphunzira m'kalasi zimayenera kutsika kuchoka m'mutu kupita m'manja. Umaphunzira kupeza mtsempha wa mwana wotha madzi m'thupi, kuzindikira ndi maso okha kuti wodwala uyu akusintha, kulankhula ndi abale a munthu amene wangomwalira, kukana lamulo la dokotala mwaulemu ukaona kuti mulingo wa mankhwala walakwika. Thupi limaphunziranso kugona masana. Kuonjezera mseru, kutopa ndi kutupa miyendo pamwamba pa zimenezi si chinthu chopepuka, ndipo mimba yoyamba ili ndi zake, monga kuthamanga kwa magazi kumene kumakonda kugwira amayi oyamba kumene. Mtsikana wa zaka 22 atandiuza kuti iye ndi mwamuna wake agwirizana kudikira chaka kuti manja azolowere, ndingamuuze kuti waganiza bwino. Ine ndinadikira zaka zitatu ndipo sindinong'oneza bondo.

Vuto ndi lakuti mawu akuti "dikira" alibe mathero pa ntchito yathu. Wophunzira amauzidwa kuti adikire amalize sukulu. Akamaliza, adikire mayeso a chilolezo. Akapambana, adikire alembedwe ntchito, ndipo m'malo ambiri kudikira kumeneku kumatenga miyezi kapena zaka, munthu akungogwira maganyu a makontirakiti afupiafupi. Akalembedwa, adikire atsimikizidwe. Akatsimikizidwa, mwayi wokaonjezera maphunziro watuluka, ndiye adikire akatenge digiri kapena uzamba. Akabwerako, pali udindo umene akumuganizira, asausokoneze. Pa sitepe iliyonse malangizowo amamveka anzeru, koma mukaziphatikiza zonse zimakwana zaka khumi kapena kuposerapo. Kumbukiraninso kuti si onse amalowa unamwino ali ndi zaka 18. Ambiri amabwera atagwirapo ntchito zina, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 30 kapena atapitirira. Thupi la mkazi silidikira kalata yotsimikiza ntchito. Mphamvu yobereka imayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo kutsikako kumafulumira zaka 35 zikadutsa, pamene chiopsezo chopita padera chikukwera. Mu 2023 WHO inalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi alionse amakumanapo ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Munthu sadziwa kuti iye ali mbali iti mpaka atayamba kuyesa.

Ndili ndi mnzanga amene tinayamba limodzi. Anamvera malangizo onse, limodzilimodzi, ndipo pa ntchito anakwera bwino. Atafika pa nthawi imene aliyense anavomereza kuti tsopano wakhazikika, mimba sinabwere. Kwa zaka ndithu wakhala akupempha masiku a tchuthi kuti akapimidwe uku ndi uku, ndipo amene ankamuuza kuti adikire aja ena anapuma kale pa ntchito. Sindinganene motsimikiza kuti akanayamba msanga zikanatheka. Chimene chimandiwawa n'chakuti chosankha chachikulu chonchi anachipanga chifukwa choopa kukhumudwitsa mabwana, ndipo lero akusenza yekha zotsatira zake. Amalandira makanda a anthu ena tsiku ndi tsiku, amawasambitsa, amawaika pachifuwa cha amayi awo akumwetulira, kenako amapita kunyumba.

Komanso tisamalankhule ngati kuti mimba iliyonse imabwera pa tsiku limene munthu analemba pa kalendala. Lipoti la mu 2022 la UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu ndi uchembere, linati pafupifupi theka la mimba zonse pa dziko lapansi zimakhala zosakonzekera. Anamwino amadziwa za kulera kuposa anthu ambiri, komabe njira zolera zimalephera nthawi zina, ndipo kusinthasintha kwa mashifiti kumasokoneza ngakhale nthawi yomwera mapiritsi. Winanso amayesa kwa chaka chathunthu osatheka, n'kudzatheka mwezi womwewo umene walandira kalata ya ntchito. Munthu wotere akalowa mu ofesi yanu n'kumva mawu akuti "inu namwino wathunthu, simunadziwe kudziteteza?", amatuluka ataphunzira chinthu chimodzi, ndipo amakachiphunzitsa kwa anzake onse a m'gulu lake: ukaima, bisa.

Maganizo amenewa ali ndi kochokera. Sukulu ya unamwino imene Florence Nightingale, mayi amene anayala maziko a unamwino wamakono, anatsegula pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1860 inkasunga ophunzira ake m'nyumba yapadera, pansi pa ulamuliro wokhwima, ndipo dongosolo limeneli linafalikira m'maiko ambiri. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, m'malo ochuluka, namwino akakwatiwa ankayenera kusiya ntchito. Malamulo amenewo anachotsedwa, koma ndandanda wa mashifiti m'zipatala zambiri umalembedwabe ngati kuti namwino ndi munthu wopanda banja, wopanda mimba, wopezeka nthawi iliyonse. Chikhalirecho lipoti la WHO la mu 2020 linawerengera anamwino pafupifupi 27.9 miliyoni pa dziko lonse, ndipo mwa anamwino khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi ndi akazi. Lipoti lomwelo linati dziko likuperewera anamwino 5.9 miliyoni. Mukalemba ntchito atsikana makumi awiri a zaka za m'ma 20, mukudziwiratu kuti ena mwa iwo aima zaka ziwiri zisanathe. Mankhwala mumaitanitsa asanathe, mafuta a jenereta mumasungiratu magetsi asanazime. Nanga bwanji mimba ya namwino imakupezani chaka ndi chaka ngati ngozi yogwa mwadzidzidzi?

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Inenso ndinang'ung'udzapo. Mnzathu wina atapita ku tchuthi cha uchembere, malo ake anangosiyidwa opanda munthu, ndipo ife otsala tinagawana mashifiti ake. Ndinagwira mausiku ochuluka kuposa kale, mwana wanga akudwala kunyumba, ndipo tsiku lina ndinanena pagulu kuti ena amangobwera kudzatenga mimba. M'chipindamo munali anamwino awiri atsopano. Anakhala chete, koma ndikudziwa kuti anamva. Mkwiyo wanga unali ndi chifukwa, koma unalunjika kolakwika. Amene anatisiya ochepa si mayi amene anapita kukachira. Ndi amene anadziwa kwa miyezi isanu kuti munthuyu achoka, koma osapeza wolowa m'malo mwake. Mpata ukasiyidwa chonchi, mumasandutsa anamwino kukhala apolisi a mimba za anzawo, ndipo namwino watsopano amaopa anzake a mu wodi kuposa mmene amaopera ofesi.

Ndikudziwa kuti ndalama n'zochepa ndipo anthu n'ngochepa. Sindikulemba ngati mlendo amene sanaonepo wodi ya odwala makumi asanu ili ndi anamwino awiri. Koma werengerani mbali zonse. Namwino amene wachoka miyezi itatu kapena inayi n'kubwerera angakutumikireni zaka makumi atatu. Amene wamva kuti mwana wake ndi cholakwa amayamba kuyang'ana pakhomo, ndipo akachoka mumayambiranso kuphunzitsa wina. Kusunga kagulu kochepa ka anamwino otsekera mipata, ndi kuika ndalama zake mu bajeti chaka chisanayambe, n'kotchipa poyerekeza ndi kutaya anthu amene manja awo anazolowera kale.

Muyezo wa zimene mayi wapantchito ayenera kulandira si wachilendo. Bungwe loona za antchito pa dziko lonse la ILO linavomereza pangano loyamba loteteza amayi oyembekezera mu 1919, chaka chomwe bungwelo linakhazikitsidwa. Pangano latsopano, la nambala 183 la mu 2000, limati tchuthi cha uchembere chisachepere masabata 14, ndipo masabata asanu ndi limodzi akhale okakamiza mayi akachira. Limati ndalama zimene amalandira pa nthawiyo zisachepere magawo awiri mwa atatu a malipiro ake. Limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pakati, ndipo pakakhala mkangano, wolemba ntchito ndi amene ayenera kusonyeza kuti chifukwa chinali china. Limaletsanso kuyeza mimba munthu amene akufunsira ntchito, kupatula pa ntchito zina zoopsa kwa mayi ndi mwana. Limati mayi abwerere pa udindo wake kapena wofanana nawo, ndiponso apatsidwe nthawi yoyamwitsa yowerengedwa ngati nthawi ya ntchito. Malangizo otsagana ndi panganoli, a nambala 191, amalimbikitsa masabata 18, ndipo amati woyembekezera asakakamizidwe kugwira usiku ngati dokotala wanena kuti n'kosayenera. Palinso pangano la anamwino eniake, la nambala 149 la mu 1977, limene limati anamwino asachepekedwe poyerekeza ndi antchito ena pa nkhani za maola, kupuma ndi tchuthi cha uchembere. Si maiko onse anasainira mapanganowa, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Koma palibe chimene chimaletsa chipatala kuchita zoposa zimene lamulo lakwawo likufuna.

Namwino watsopano ndi amene amagwera m'ming'alu ya malamulo amenewa. M'malo ambiri munthu amayenera kugwira nthawi yakutiyakuti asanayenerere tchuthi cholipidwa. Wa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi sachotsedwa ntchito, amangoona kuti kontirakiti yake sinaonjezeredwe, ndipo palibe amamuuza chifukwa. Wa pa nthawi yoyesedwa sadziwa ngati masiku amene wagwira kale awerengedwa kapena ayambiranso. Ndafunsapo anamwino atsopano ambiri ngati akudziwa zimene malamulo a pantchito pawo amanena pa nkhaniyi. Pafupifupi onse amadziwa mphekesera zokha, zimene anamva kwa wina amene anamvanso kwa wina. Kufunsa ku ofesi amaopa, chifukwa funso lokhalo limakhala ngati kudziulula. Munthu angasankhe bwanji nthawi yoyenera pamene mfundo zofunika posankhapo zabisidwa m'kabati?

Inu aphunzitsi a m'sukulu za unamwino, gawo lanu ndi lalikulu. Wophunzira akaima, musamutaye. Maola amene wagwira kale m'mawodi asungidwe, adzapitirize pamene anasiyira, m'malo mobwereza chaka chonse ngati chilango. Ndaonapo ophunzira akudzimanga pamimba ndi nsalu kuti afike pa mayeso, ndipo inu mukudziwa kuti zimachitika. Chinanso chimene chili m'manja mwanu ndi katemera. Katemera wa rubella saperekedwa kwa woyembekezera, ndipo amene walandira amalangizidwa kudikira mwezi umodzi asanatenge pakati. Rubella ikagwira mayi m'masabata oyambirira imatha kusiya mwana wosamva, wa ng'ala m'maso kapena wa vuto la mtima. Nthawi yabwino yoonetsetsa kuti wophunzira aliyense ndi wotetezedwa ku rubella ndi ku matenda a chiwindi a hepatitis B ndi pamene akulowa sukulu, asanakhudze wodwala woyamba. Izi zimateteza mimba imene idzabwere zaka zisanu m'tsogolo, kaya yokonzekera kaya ayi.

Nkhani siithera pa kuchira. Timaphunzitsa amayi kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, monga WHO imalangizira, ndipo zithunzi zake tinazimata m'makoma onse. Koma namwino amabwerera ku ntchito mwana ali ndi miyezi itatu, n'kulowa shifiti ya maola khumi ndi awiri. Ndinapezapo mnzanga m'chipinda chosungiramo katundu, atakhala pa katoni ya madiripi, msana atatsamira chitseko kuti wina asatsegule, akufinyira mkaka m'kabotolo. Kutsogolo kwa yunifolomu kunali kutanyowa kale. Belu la wodwala linkalira, iye akuyesa kufulumira, misozi ikutsika chifukwa mawere anali atadzaza n'kulimba gwa. Mkakawo analibe pousunga, chifukwa firiji ya mu wodi ndi ya mankhwala, ndipo m'pomveka kuti simuikidwa zina. Pasanathe mwezi anasiya kuyamwitsa masana. Chimene ankafunikira ndi chipinda chokhala ndi loko, mpando, madzi osamba m'manja, malo ozizira osungira mkaka, ndi munthu womugwirira odwala ake kwa mphindi makumi awiri. Chipatala chimene chili ndi thiyeta ndi labotale sichingalephere zimenezi.

Wobwerera amene anachoka asanakwanitse chaka pa ntchito amafunikanso china: wina woyenda naye kwa masabata angapo. Manja ake anali asanakhwime pamene ankachoka, ndipo amabwerera atasowa tulo, mtima uli kunyumba. Kumuika yekha usiku pa sabata yoyamba n'kuika pa chiswe iye ndi odwala omwe. Akalakwitsa, anthu adzati mimba inamuononga, pamene chimene chinasowa ndi dongosolo lomulandira.

Ndipo pali ena amene sabwerera ndi mwana. Mwa mimba khumi zodziwika, imodzi kapena ziwiri zimapita padera, kawirikawiri m'miyezi itatu yoyambirira. Namwino amene anabisa pakati pake amabisanso kupita padera kwake. Amapempha masiku awiri ponena kuti akumva m'mimba, tsiku lachitatu n'kubwera atavala bwino, ndipo ndandanda umamutumiza ku wodi ya amayi ochira. Palibe amene wamulakwira dala, popeza palibe amene ankadziwa. Ndinamva nkhani yotere patapita zaka, kuchokera kwa munthu amene ndinkakhala naye tebulo limodzi tsiku lililonse. Ndinadzifunsa kuti ndinali kuti, ndipo yankho linali lakuti ndinali pomwepo, m'gulu la anthu amene iye ankawaopa.

Mwina muzindikirenso kuti anamwino aamuna sakumana ndi funso limeneli. Mnyamata akalengeza kuti kwawo kukubwera mwana, timamugwira chanza. Pa mayeso olowera ntchito palibe amamuyang'ana chala cha mphete. Ndikanakonda kuti nawonso azipatsidwa masiku okwanira okasamalira mkazi ndi khanda, chifukwa tsiku limene abambo adzayambe kuchoka pa ntchito chifukwa cha mwana, mimba idzasiya kuoneka ngati vuto la akazi okha.

Ndibwerere kwa mtsikana uja wa pa sinki. Sindinamuulule, koma sindinamusiyenso. Ndinakhala naye pansi masiku awiri mpaka anavomera kuti tipite limodzi kwa a Matroni. Panjira manja ake ankanjenjemera, ndipo pakhomo la ofesi anafuna kubwerera. A Matroni amene tinali nawo nthawi imeneyo anali mayi wamkulu, wa mawu ochepa. Anamumvetsera mpaka kumaliza, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Mwanawe, wachedweranji kundiuza? Wayamba sikelo?" Kenako anatenga ndandanda wa mashifiti ndi pensulo. Anamuchotsa ku wodi imene kunali mankhwala a khansa, anamuchepetsera mausiku, anamulembera tsiku lopita ku sikelo m'mawa wotsatira, ndipo anamuuza kuti miyezi inayi imene wagwira iwerengedwa. Zonsezi sizinatenge mphindi khumi ndi zisanu. Mtsikanayo anachira bwino, anabwerera, ndipo lero ndi iye amene amaphunzitsa atsopano kuika diripi kwa makanda.

Chimene chimandivutitsa n'chakuti zinayenda bwino chifukwa cha mtima wa mayi mmodzi. A Matroni aja ankakhulupirira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma atapuma pa ntchito palibe chimene chinatsala cholembedwa. Chipatala china, kapena wodi ina m'chipatala chomwecho, mtsikana yemweyo akanatha kulandira mawu ena. Ndipo ngakhale kwa ife, masabata khumi oyambirira aja anali atadutsa kale mu mantha. Chifundo chimene sichinalengezedwe sichinamufikire pa nthawi imene ankachifunitsitsa.

Choncho pempho langa ndi ili. Gulu lotsatira la anamwino atsopano likadzafika, pa tsiku lomwe mumawaonetsa mawodi, kuwauza za yunifolomu ndi nthawi yofikira, mmodzi wa inu akuluakulu aimirire n'kunena nkhaniyi mokweza, aamuna ndi aakazi ali pomwepo. Muwauze masabata a tchuthi amene alipo, ndalama zimene munthu amalandira, nthawi imene amayamba kuyenerera, ndi zimene zimachitika kwa wa kontirakiti ndi wa pa nthawi yoyesedwa. Muwauze dzina la munthu mmodzi amene angamuuze mwachinsinsi tsiku limene adziwa kuti aima, ndi kuti nkhaniyo siidzatuluka popanda chilolezo chawo. Muwauze mawodi amene adzachotsedwako ndi malo amene angakachitire sikelo mosaonedwa ndi anzawo ngati akufuna kutero. Zonsezi muwapatse zolembedwa papepala, losainidwa, kuti a Matroni akasintha pepalalo litsale. Ine ndili wokonzeka kuthandiza kulemba pepala limenelo, ndipo ndikudziwa masisitala ena amene angabwere nane mutatiitana.

Ine wanu pa ntchito,
Namwino woyang'anira wodi